Tsiku Limene Makina Anawavomera a Zakana

Pa fakitale youmba mabotolo panali bambo wina amene akulu ndi ana omwe ankawatcha a Zakana. Dzina lawo la pa chiphaso linkadziwika ku ofesi ya malipiro kokha, ndipo akazi awo omwe, akamawatchula kwa anzawo pa mpopi, ankangoti a Zakana, koma motsitsa mawu. Anali munthu wamfupi, waukhondo, wa malaya oyera osita bwino, woyankhula pang'onopang'ono ngati akuopa kuthyola mawu. Sanamvekepo akutukwana kapena kukalipa. Anthu onse amene analira chifukwa cha iwo analira atapatsidwa moni ndi mpando.

Ntchito yawo inali yolemba ndi kusamala pulogalamu ya pa kompyuta imene inkasunga mayina a anthu okhala m'nyumba za kampani. Munthu amene dzina lake linali m'pulogalamumo ankalandira khadi la pa geti, ndipo akadwala ankathandizidwa ku kiliniki ya kampani. Amene dzina lake munalibe ankayesedwa mlendo. Ankalowa ndi khadi lofiira, ndipo dzuwa likamalowa alonda ankayenda khomo ndi khomo kukamutulutsa.

A Zakana analowa pa fakitalepo ali mnyamata, ngati kalaliki wamba wokopera mayina. Kompyuta yoyamba itabwera, akalaliki akuluakulu ankaizungulira patali ngati galu wachilendo, koma iwo anatenga buku lake la malangizo naliwerenga mpaka chikuto chinathothoka. Kuyambira pamenepo anapatsidwa kachipinda kawokawo kumapeto kwa khonde, ka zenera limodzi, desiki imodzi ndi mpando wa alendo. Panja pa chitseko anaikapo benchi. Benchilo ndilo limene anthu amalikumbukira kwambiri.

M'chiyankhulo chakale cha kompyuta chimene ankalembera pulogalamuyo, munthu sayamba kusunga kanthu asanalengeze pamwamba kuti kanthuko ndi ka mtundu wanji ndipo kadzafuna malo angati. Tsono iwo analengeza tebulo la zigawo zitatu: mizere ya nyumba, nyumba za mu mzere uliwonse, ndi malo a anthu m'nyumba iliyonse. Mizere ndi nyumba anachita kuziwerenga poyenda. Koma malo a anthu anangowaganiza okha ali pa desiki, akadali mbeta, naika asanu ndi limodzi. Palibe bwana anawalamula kutero. Kompyuta ya masiku amenewo inali yosasunga zambiri, ndipo kwa mnyamata wosakwatira anthu asanu ndi mmodzi ankaoneka khamu.

Kuseri kwa fakitale kunali mizere ina ya nyumba, ya anthu opuma pa ntchito ndi ya akazi amasiye. Imeneyonso anailengezera tebulo lake, pa mzere wakewake, pansi pa loyamba lija:

antchito : array[1..12, 1..20, 1..6] of Munthu;
opuma : array[1..12, 1..20, 1..6] of Munthu;

Kwa munthu woyang'ana ndi maso, matebulo awiriwa anali ofanana ngati mabotolo otuluka m'chikombole chimodzi. Koma chiyankhulocho chinali ndi lamulo lake louma: matebulo olengezedwa padera ndi a mitundu yosiyana, ngakhale atafanana chilichonse. Pali pulogalamu ina, imene a ntchitoyi amaitcha kompaila, yomwe imayamba yawerenga zimene munthu walemba kuti ione ngati zikutsata malamulo. Kompailayo sinkalola kutenga nyumba yathunthu m'tebulo limodzi ndi kuiika m'linzake. Pofuna kusamutsa banja, pankafunika kulemba mizere ingapo yonyamula anthuwo mmodzimmodzi.

A Zakana anaona zimenezi msanga, ndipo mankhwala ake ankawadziwa bwino lomwe: kungolengeza mtundu umodzi, kuupatsa dzina loti Nyumba, ndi kuugwiritsa ntchito m'matebulo onse awiri. Inali ntchito yoti munthu aimalize tiyi asanazizire m'kapu. Koma anaonanso chinthu china. Pa fakitale yonse panalibe wina wodziwa kulemba mizere yonyamula anthu ija, ndipo banja limene silinasamutsidwe mwezi usanathe, mwini ntchito atapuma kapena atamwalira, linkayenera kutuluka pa geti ndi katundu wake. Choncho anasiya zinthu momwe zinalili. Mizere ija ankailemba akafuna, ndi kuifufuta akamaliza.

Ziphuphu sankalandira, ndipo pa mfundo imeneyi tiyenera kuwachitira chilungamo. Amene anayesa kuwabweretsera kanthu anabwerera nako. Chimene ankafuna n'chakuti munthu adikire pa benchi, alowe atavula chipewa, apemphe, kenako aone ndi maso ake kuti si a Zakana akukana ayi. Anali ndi kachionetsero kawo. Ankatembenuzira kompyuta kwa wopemphayo, nalemba mzere umodzi wosamutsa nyumba yonse, nadina batani limene limayesa pulogalamu ndi kuiyendetsa nthawi yomweyo ikapezeka yopanda cholakwa. Kompaila inkatulutsa mawu ofiira onena kuti mitundu sikugwirizana. Pamenepo iwo ankatambasula manja awo aukhondo, nanena mwachifundo kuti zakana. Dzina lija linachokera pamenepo.

M'chiyankhulocho, polemba mzere wotere, cha kumanzere ndicho cholandira ndipo cha kumanja ndicho chopereka. Pa ntchito yeniyeni a Zakana sankaphonya zimenezi. Koma pa kachionetsero kaja ankalemba monga munthu amayankhulira, kuyamba ndi kumene banja likuchokera, kutsiriza ndi kumene likupita: antchito kumanzere, opuma kumanja. Zinalibe kanthu, popeza makina ankakana ndithu. Zala zawo zinazolowera motero kwa zaka zambirimbiri.

Mwa anthu amene anakhala pa benchi paja, amene amakumbukiridwa kwambiri ndi mayi wina wamasiye, mkazi wa bambo wa ku ng'anjo amene anagwa ali pa ntchito. Mayiyu anabwera atabereka mwana kumbuyo, wina atamugwira dzanja. A Zakana anamupepesa maliro mwaulemu wonse, natchula zabwino za malemuyo, kenako analemba mzere wawo uja.

"Mayi, onani nokha. Ine mtima wanga ukufuna, koma zakana."

Mayiyo anafunsa kuti wakana ndani. Atauzidwa kuti ndi makina, anagwada pansi moyang'ana kompyutayo, nayamba kuifotokozera za ana ake. A Zakana anamusiya mpaka anamaliza, chifukwa sankakonda kudula munthu mawu, kenako anamuuza kuti ayesenso sabata yamawa. Sabata yamawa inakhala ina yamawa. Mwezi utatha, mayiyo anakwera lole pamodzi ndi mabedi ake, ndipo akalaliki a m'khondemo anakhala nthawi yaitali akuseserana za mayi wopembedza kompyuta.

Nthawi yonseyo, kuseri kuja kunali nyumba yopanda munthu: yachisanu ndi chiwiri mu mzere wachitatu, ya pa ngodya, ya mpopi wakewake, kumene utsi wa ng'anjo sunkafika. A Zakana ankaisungira ukalamba wawo. Anaisankha chifukwa nambala yake inali yofanana ndi ya nyumba imene ankakhala ku mizere ya antchito, ndipo iwo sankakonda kusintha zizolowezi. Wofunsa za nyumbayo ankauzidwa kuti denga lake limadontha. Ku mizere ya antchito chinyengo chotere sichikanatheka, chifukwa iwo eni analemba lamulo, ndipo ankalinyadira, loti pa kutha kwa mwezi pulogalamu izipereka yokha nyumba iliyonse yopanda munthu kwa amene ali woyamba pa odikira. Koma ku mizere ya opuma chilichonse chinkadzera m'manja mwawo.

Kunyumba kwawo ankatsatanso lamulo lomwelo, ndipo ena ankati ndiko kukhulupirika. Anakwatira mayi wofatsa amene anabwera ndi kamwana kakakazi ka mwamuna wake woyamba. A Zakana anakalemba kamwanako pa malo achitatu, ndipo anthu anawayamikira. Kenako anyamata anayamba kubadwa, wina pa malo achinayi, wina achisanu, wina achisanu ndi chimodzi. Mimba yachinayi ya m'banjamo itaoneka, mayiwo anayamba kuonda m'malo monenepa. Mwana atabadwa, wamwamunanso, a Zakana anafika kuchokera ku ntchito, navula nsapato, nanena kuti mtsikana uja amuchotsa m'tebulo. Mtsikanayo anali kutsuka mbale pakhomo, chitseko chili chotsegula.

"Bambo ake, kodi asanu ndi limodziwo si inu munalemba? Lembani asanu ndi awiri," anatero mayiwo.

"Nambala imeneyo yalowa ponseponse, mayi. Ndikaikhudza, nyumba zonse zisokonekera. Kodi fakitale yonse ivutike chifukwa cha mwana mmodzi, wa bambo wina?"

Mbale sizinasiye kulira pakhomo paja. Mtsikanayo anatsuka zonse, nazitsamiritsa bwinobwino, ndipo m'mawa mwake anapita kukakhala kwa mayi ake aang'ono kunja kwa mpanda. Ankabwera Lamlungu ndi khadi lofiira. Alonda anamupatsa dzina loti Mlendo, alongo ake analitola, ndipo posakhalitsa a Zakana omwe ankamutcha choncho, mosaipidwa ayi, monga munthu amatchulira chinthu dzina lake. Lamlungu lina Mlendo anaponda galasi losweka kuseri kwa nyumba, phazi linang'ambika kwambiri. Ku kiliniki anafufuza dzina lake osalipeza. Mayi ake anamubereka, mtsikana wamkulu kale, kupita naye ku chipatala cha kutali, magazi akudontha pa nsalu. Phazilo linapola mokhota, ndipo kuyambira pamenepo ankayenda motsimphina pang'ono. A Zakana anati a ku kiliniki anachita zoyenera, chifukwa lamulo likapindidwa kamodzi limathyoka.

Zaka zinapita. Anyamata aja anakula nabalalika kukafuna ntchito kwina, koma mayina awo anakhalabe m'tebulo. Mlendo naye anakula. Anaphunzira, anaphunziranso, anakwatiwa ndi munthu wokonza magetsi, nabereka ana atatu. Tsiku lina, a Zakana atatsala pang'ono kupuma pa ntchito, anamva m'khonde mapazi a munthu woyenda mosalingana, lina lolemera lina lopepuka, ndipo anawazindikira asanadzutse mutu. Bwana woona za antchito analowa naye, nanena kuti mayi awa ndiwo adzalowe m'malo mwawo, ndipo ayambiretu kuphunzira pulogalamu ndi kuikonzera kompyuta yatsopano. Bwanayo ankamwetulira kuposa mmene nkhaniyo inkafunira. Mlamu wake anakhalapo pa benchi paja chaka china.

A Zakana anamupatsa mwana wawo wopezayo katebulo pa ngodya, namupatsa ntchito yoika mapepala m'makina osindikiza. Iye sanadandaule. Ankawapatsa moni m'mawa uliwonse, kuwatcha bambo, kuwafunsa mmene adzukira mayi, kenako ankakhala pansi ndi kuwerenga pulogalamu mzere ndi mzere. Ankakhala ya lendi kunja kwa mpanda ndi banja lake, ndipo dzina lake linali loyamba pa odikira nyumba. Zimenezi a Zakana ankazidziwa, ndipo zinkawasangalatsa, popeza panalibe nyumba imene inkaoneka kuti ikhala yopanda munthu posachedwa. Yawo yomwe anali atapangana kale ndi bwana wa ku ng'anjo kuti adzaipereke kwa mphwake wa bwanayo ndi dzanja lawo, mwezi usanatseke.

Tsiku lawo lomaliza linagwa pa kutha kwa mwezi. Kusamutsa banja lawo anakusungira tsikulo mwadala. Ankafuna kuti achite pamaso pa onse, kuti bwana woona za antchito uja ndi mtsikanayo aone kulemera kwa ntchito imene akuisiya, ndipo mumtima ankayembekeza kuti adzaitanidwanso kawirikawiri kudzathandiza. M'mawa mwake, akupukuta desiki, Mlendo anaima pafupi.

"Bambo, pamwamba paja pa zolengeza ndasinthapo. Ndati ndikudziwitseni musanayambe..."

"Iwe, pulogalamu imeneyi ndinailemba usanadziwe kupukuta mamina," anatero iwo mofatsa. Aka kanali koyamba kudula munthu mawu. "Zimene wasinthazo udzandiuze tsiku limene ndidzafune kuseka."

"Chabwino, bambo."

Chimene anasintha chinali chomwe chija iwo anachidziwa ali mnyamata. Analengeza mtundu umodzi wotchedwa Nyumba, wa malo asanu ndi limodzi, ndipo matebulo onse awiri anawalengeza kuti ndi a Nyumba. Analembanso mawu ofotokoza pambali pake. Koma a Zakana anali atasiya kalekale kuyang'ana pamwamba pa pulogalamu yawo, monga munthu sayang'ana denga la nyumba imene wakhalamo moyo wonse.

Wezulo ya masana italira, ntchito yawo pa fakitalepo inatha. Anthu anadzaza kachipinda kaja mpaka m'khonde. Panali zakumwa ndi mabisiketi. Bwana uja anayankhula mawu oyamikira, nati munthu ngati uyu sadzapezekanso, ndipo wina kumbuyo anayankha kuti Mulungu amve pemphero limenelo. Anthu anaseka, a Zakana nawo anaseka, poyesa kuti ndi chikondi. Kenako dalaivala wina, amene anataya nyumba ya mayi ake pa benchi pomwepo, anati, "Madala, tionetseni komaliza zija za kukana. Tidzazisowa."

Pempholi linawakomera. Anakhala pa mpando, nakwinya manja a malaya, nanena kuti ayesera pa nyumba yawo yomwe, kuti anthu adziwe kuti makina sakondera munthu. Analemba osayang'ana n'komwe:

antchito[3, 7] := opuma[3, 7];

Anatembenukira kwa anthu, chala chili pa batani, nadina, natambasula manja. Pakamwa panatseguka kuti anene mawu awo aja, koma anaona kuti anthu sakuyang'ana iwo. Anatembenuka. Mawu ofiira panalibe. Pulogalamu inali itayenda, yasunga zimene yachita, ndipo inali kudikira mwaulemu lamulo lina.

Anatsegula nyumba yachisanu ndi chiwiri mu mzere wachitatu wa antchito. Munali malo asanu ndi limodzi opanda kanthu. Nyumba ija ya pa ngodya, imene anaisunga yopanda munthu zaka zonsezo, ndiyo inakoperedwa pamwamba pa yawo, ndipo kupanda munthu kwakeko kunafafaniza iwo, akazi awo ndi anyamata onse anayi. Pambuyo pake, akamaganizira za mphindi imeneyo, ankakumbukira kuti Mlendo anaima pafupi ndi phewa lawo pamene ankalemba, kuti anauona mzerewo, kuti anatsegula pakamwa, kenako anaikamo bisiketi.

Poyamba sanaope. Anaseka pang'ono, nati ndi kanthu kakang'ono, nayamba kulembanso mayina. Pulogalamu inafunsa nambala ya wantchito mwini nyumba. Analemba yawo. Pulogalamu inayankha kuti nambalayo si ya wantchito, pakuti inafa pamene wezulo inalira. Lamulo limenelonso analemba okha, poopa kuti opuma angamadzibwezere m'nyumba mwachinyengo. Anatembenukira kwa bwana uja napempha kuti abwezeretse zosungidwa za dzulo.

"Achikulire, si inu munandiphunzitsa chaka cha mlamu wanga chija kuti za dzulo sitibwezeretsa chifukwa cha nyumba imodzi? Munati timataya ntchito ya tsiku lonse ya anthu ena. Ndinamvetsa bwino kwambiri."

Anapempha kuti kutseka mwezi kudikire mpaka mawa. Bwanayo anati malipiro a fakitale yonse akudikira kutsekako, ndipo anawakumbutsa mwaulemu kuti mpando umene akhalirawo tsopano ndi wa mayi awa. A Zakana anaimirira. Mlendo anakhala pansi, nakokera mpando kutsogolo, natseka mwezi. Pulogalamu inapeza nyumba imodzi yopanda munthu, ndipo inaipereka yokha kwa woyamba pa odikira. Dzina litatuluka pa pepala, m'khonde munamveka phokoso limene silinali kuseka kwenikweni. Dalaivala uja anatenga botolo lina la chakumwa, nati lero makina adzuka bwino.

Ku mizere ya opuma kunalibe khomo lina lolowera koma kudzera m'tebulo la antchito, pakuti iwo sanafune kuti likhalepo. Wosapezeka kwa antchito sakanasamutsidwa. M'sabata yotsatira Mlendo anasamutsa mabanja onse amene ankadikira, lililonse ndi mzere umodzi, ndipo nyumba ya pa ngodya ija inapita kwa nkhalamba ina ya kolongedza mabotolo, imene inadabwa kupeza kuti denga silidontha. Benchi linakhala lopanda munthu kwa nthawi yoyamba. Woyamba kukhalaponso anali a Zakana.

Anavala malaya oyera. Anadikira kuyambira m'mawa, akumva makina osindikiza akulira kuseri kwa chitseko chawo chakale, akalaliki akudutsa ndi kuwapatsa moni wokweza. Atawaitana, analowa chipewa chili m'manja. Mlendo anaimirira, nawapatsa moni, nawalozera mpando wa alendo, nafunsa ngati miyendo ikuwavutabe. Iwo anafotokoza kuti za nyumba ya kuseri azileka, sakuzifunanso. Chimene akupempha n'chakuti alembedwe ngati wachibale m'nyumba yomwe ija, imene akhalamo moyo wawo wonse, ngakhale azigona pa chipinda chochezera.

Mlendo anawerenga ndi zala, pang'onopang'ono: iye mwini, mwamuna wake, ana atatu, ndi mayi ake.

"Malo ndi asanu ndi limodzi, bambo."

"Mwana wanga," anatero a Zakana. Mlendo anacheuka kuyang'ana kumbuyo kwake, ngati akufuna kuona amene akuitanidwa, kenako anawayang'ananso. Iwo anapitiriza. "Popeza walengeza mtundu umodzi, nambala ija tsopano ili pamalo amodzi okha. Ukasintha pamenepo, zonse zitsata. Ine ndikudziwa, iwenso ukudziwa. Si ntchito ayi."

"Zoonadi, bambo, si ntchito. Koma nambala imeneyo munaiika ndinu, ndipo ine ndinaleredwa kuti ndizilemekeza ntchito ya akulu. Komabe tiyeni tiyese, mwina zivomera."

Anatembenuzira kompyuta kwa iwo. Analemba mzere woika munthu pa malo achisanu ndi chiwiri m'nyumba yachisanu ndi chiwiri ya mzere wachitatu, ndipo analemba molondola, cholandira kumanzere, chopereka kumanja. Anadina batani. Mawu ofiira anatuluka, onena kuti malowo ali kunja kwa malire olengezedwa. Mlendo sananene mawu aja. Anangotambasula manja, nawasiya choncho mpaka a Zakana anaimirira okha.

Anali ndi chiyembekezo chimodzi chotsala, chakuti akazi awo atuluka nawo. Madzulo a tsikulo anawapeza akupinda malaya awo oyera ndi kuwaika m'sutikesi, limodzilimodzi, mosamala monga ankachitira nthawi zonse. A Zakana anafunsa kuti nanga zovala zawozo alongedza liti. Mayiwo anayankha osadzutsa mutu kuti mankhwala awo a mtima amalandira ku kiliniki ya kampani, ndipo kunja kwa mpanda sangawapeze. Anawonjeza kuti anabereka kale munthu kumsana kupita naye ku chipatala cha kutali, ndipo msana umenewo unatha.

"Mukamabwera Lamlungu muzibwera ndi malaya akuda, ndizikuchapirani," anatero.

Anyamata aja anaimbiridwa foni mmodzimmodzi. Woyamba anati nyumba yake ndi yaing'ono, wachiwiri anati afunse kaye mkazi wake, wachitatu sanayankhe. Wotsiriza, amene kubadwa kwake kunachotsetsa mlongo wake m'tebulo, anafunsa ngati khadi lake la ku kiliniki lafanso, ndipo atamva kuti lafa anakwiya kwambiri. A Zakana anapeza kachipinda kuseri kwa sitolo ina kunja kwa mpanda, koyang'anana ndi khoma la fakitale, kumene utsi wa ng'anjo unkatsikira mphepo ikatembenuka. Malaya oyera sankachedwa kuda.

Lamlungu lililonse ankaima pa geti ndi kathumba ka zochapa. Alonda ankawafunsa dzina lawo lenileni, nalilemba pang'onopang'ono, nawafunsanso kalembedwe kake, ngakhale ankawadziwa kuyambira ali ana. Kenako ankawapatsa khadi lofiira. M'nyumba muja ankalandiridwa bwino. Mkamwini ankawapatsa mpando wabwino, chakudya ankapatsidwa choyamba, ndipo Mlendo sanalole mwana aliyense kuwachitira chipongwe. Kamwana kotsiriza kokha, kosadziwa kanthu, ndiko kankathamangira kukhitchini kukanena kuti agogo alendo afika. Dzuwa likapendeka, a Zakana ankayamba kuyang'ana pa zenera. Ankafuna kunyamuka mlonda asanagogode, koma miyendo inali itayamba kuchedwa, ndipo kawirikawiri mlondayo ankawapeza akuvala nsapato. Ankawadikira pakhomo, nawaperekeza mpaka ku geti, akuwanyamulira malaya ochapa.

Anakhala moyo wotero zaka zingapo. Atadwala anapita ku chipatala cha kutali chija, ndipo sanabwerereko. Kampani inatumiza lole ndi nkhata ya maluwa, bwana uja anayankhulanso mawu oyamikira, ndipo Mlendo ndiye anayendetsa zonse za maliro mosaphonya kanthu, kotero kuti anthu anati mwana wobereka sakanachita kuposa apo.

Mwezi wotsatira, m'mawa wina, Mlendo anatsegula pamwamba pa pulogalamu, nafufuta nambala ija, nalemba asanu ndi atatu. Kompaila inavomera. Palibe nyumba ngakhale imodzi imene inasokonekera, ndipo pamene ankatseka, tiyi wake anali akadali wotentha.